Tchipi ya galimoto ndi katapila, ndipo wobweza ngongole ali kumudzi



Lero ndapumulako pa za zipani. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti mkuluyu wasochera, pano timakamba za boma osati za masipanala. Dekhani kaye. Mukafika kumapeto muona kuti nkhaniyi ikukhudza matumba a abale athu kumudzi kuposa zambiri zimene timakanganirana mpaka tambala kulira.

Mwezi watha tinali pa chinkhoswe cha mwana wa mnzathu kuno ku Midlands. Mukudziwa mmene zimakhalira: azimayi ali mkati ndi perekaniperekani, azibambo tathawira panja poimika magalimoto, maboneti ali yasa. Anyamata anaunjirira galimoto ina ya dizilo, mwini wake akufotokoza monyadira kuti anaiikitsa tchipi, pano ikuuluka ndipo mafuta ikungonyambita. Kenako anati chaka chamawa aitumiza kumudzi kuti madala azikayendera. Anthu anamuyamikira kuti mwana woganiza makolo ndi ameneyu. Ine ndinangoti kukamwa tseke, chifukwa zimenezo ndinazichitapo ndipo mathero ake ndikuwadziwa. Pamaso pa anthu manyazi anandigwira. Ndiye ndati ndilembe pano, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Tchipi siilenga mphamvu. Imakongola mphamvu ya mawa n'kuidyeratu lero. Ndi katapila. Tsono vuto la ife a kunja ndi loti ngongoleyo timaidyera ku Birmingham kapena ku Joni, koma tsiku lobweza likamayandikira galimoto timakhala taikweza kale pa sitima, ndipo katapila amakagogoda pakhomo pa munthu amene sanadyeko ngakhale tambala imodzi.

Poyamba tigwirizane chimene tikukamba, poti si tonse tinalowapo mu galaja. Galimoto za masiku ano zili ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Ntchito yake ndi kulamula kuti mafuta alowe ochuluka bwanji mu injini, alowe nthawi yanji, moto uyake liti, ndiponso turbo ipope mpweya wochuluka motani. Malamulo amenewa analembedwa m'manambala, amisiri amati mapu. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amakaniko ankatsegula kabokosiko, kuzula tchipi yeniyeni ndi kuwotchererapo ina, ndipo dzinali linachokera pamenepo. Kuyambira 1996 ku America, ndipo ku Ulaya 2001 pa za petulo ndi 2004 pa za dizilo, lamulo linakakamiza kuti galimoto zizikhala ndi soketi ya OBD, imene nthawi zambiri imakhala pansi pa chiwongolero. Lero munthu amangobwera ndi laputopu, kulumikiza chingwe pa soketiyo, kufufuta mapu a ku fakitale ndi kulembamo ake. Ola limodzi kapena awiri zatheka. Palibe waya watsopano, palibe chitsulo chachilendo. Ukatsegula boneti suona kanthu. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Zimene anthu amazitchula kuti tchipi zilipo mitundu itatu. Woyamba ndi umene ndafotokozawu, kulembanso mapu, pa chizungu amati remap. Wachiwiri ndi kabokosi komangirira pakati pa masensa ndi ECU. Kameneka ntchito yake ndi kusintha uthenga usanafike. Mabokosi ena ndi apamwamba, amatchunidwa mosamala galimoto ili pa makina oyezera. Koma otchipa aja amangonamiza ECU. Pa dizilo amaiuza kuti mphamvu yopopera mafuta yachepa, ECU n'kuwonjezera. Kumbukirani kuti m'mapaipi a dizilo ya makono mafuta amapopedwa pa mabaa 1,600 mpaka 2,000, pamene tayala la galimoto yanu limangofuna mabaa awiri ndi pang'ono. Pamenepo ndi pamene munthu akusewerapo ndi kabokosi ka mapaundi 40. Mtundu wachitatu ndi umbava weniweni: tizipangizo ta pulasitiki togulitsidwa pa intaneti, tongosomeka pa soketi ya OBD, ati mphamvu ikwera ndipo mafuta atsika. Mu 2017 akatswiri a kampani ya Quarkslab ku France anatsegula kamodzi kotchedwa Nitro OBD2, ndipo anapeza kuti sikalankhula n'komwe ndi injini. Kamangothwanima timagetsi basi. Amene munagula kameneka musadandaule kwambiri, munabedwa ndalama koma injini yanu inapulumuka.

Kodi remap yeniyeni imagwira ntchito? Eee, imagwira, tisanamizane. Pa injini ya turbo, makamaka ya dizilo, mphamvu imakwera ndi 20 kapena 30 pa 100 iliyonse. Injini ya 1.9 TDI ya Volkswagen ija ya mahosipawa 130 anthu akhala akuifikitsa cha m'ma 160 osamasula bawuti ngakhale limodzi. Koma pa injini ya petulo yopanda turbo phindu lake ndi lochepa zedi, mwina 5 pa 100, chifukwa mpweya umene injini ikukoka ndi womwewo. Anzathu a ku Joni mukudziwa bwino za mpweya. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo galimoto yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 poyerekeza ndi ya ku Durban kunyanja. Palibe laputopu imene ingabweze mpweya umene kumwamba kulibe. Ndiye mnyamata akakuuzani kuti Corolla yanu ya 1.6 aisandutsa ndege, gwirani chikwama chanu zolimba.

Funso loyenera ndi ili: ngati mphamvuyo inalimo kale, n'chifukwa chiyani opanga galimoto anaibisa? Otchuna amayankha kuti makampani ndi aumbombo, injini imodzi amaigulitsa pa mitengo itatu pongosintha manambala. Pali choonadi pang'ono pamenepo, ngakhale kawirikawiri ya mphamvu kwambiri ija imakhalanso ndi turbo yokulirapo kapena mainjekita ena. Koma chifukwa chachikulu ndi china. Injini yomweyo imagulitsidwa ku Norway kozizira ndi ku Dubai kotentha. Ina ikamwa mafuta abwino, ina ikamwa okayikitsa. Wina asintha oyilo pa nthawi yake, wina adikira mpaka malipiro. Wopanga amasiya dala mpata woti injini ipirire zonsezi kwa zaka zambiri, komanso kuti utsi usapyole malire a lamulo. Tonse tinakulira kumudzi. Mayi wanzeru akakolola sapita ndi chimanga chonse kuchigayo. China amasiya m'nkhokwe chifukwa Febuluwale akubwera. Mpata umene wopanga anasiya mu injini ndi nkhokwe imeneyo. Wotchuna amatsegula nkhokwe mu Juni, banja lonse kudya katatu patsiku, kuvina, kunenepa. Febuluwale wa galimoto ndi msewu wa kwathu.

Tsopano ndiulule zanga. Mu 2016 ndinali ndi galimoto ya dizilo ya malita awiri, ya mahosipawa 140. Mnzanga wa ku ntchito anandilozera mnyamata wina woyenda ndi laputopu m'kaveni. Ndinalipira mapaundi 200, anagwira ntchito panja pa nyumba, ndipo ananditsimikizira kuti tsopano yafika 175. Abale, inakoma. Pa M6 ndinkangogunda pang'ono, galimoto n'kumachita ngati yalumidwa ndi njuchi. Zaka zitatu ndinayenda popanda vuto lalikulu, mpaka za tchipizo ndinaziiwala. Mu 2019 achimwene anga aakulu anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Tinagwirizana kuti ine nditumize galimotoyo, iwo alipire msonkho ndi ndalama zawo zopumira ntchito, aziichititsa hayala kuti azipezako ya ndiwo ndi fizi ya ana awiri otsala. Inatsikira ku Dar es Salaam, kulowera pa Songwe, kukwera Chiweta bwinobwino mpaka kufika ku Dedza. Anthu anavina. Za tchipi sindinatchule. Sikuti ndinabisa dala ayi, ndinangoona ngati si nkhani.

Pasanathe miyezi inayi kilatchi inayamba kuterereka. Anaika ina, nayo sinakhalitse. Makaniko ankati achimwene sadziwa kuyendetsa, amagoneka phazi pa kilatchi, ndipo mkulu wa zaka zoposa 60 ankangovomera mwaulemu. Chilimwe chotsatira, mwezi wa Okutobala dzuwa lili phwee, akuchokera kunyanja ndi anthu anayi ndi katundu wawo, pokwera mapiri a Golomoti turbo inaphulika, injini inamwa oyilo wake womwe mpaka kunoka. Mwamwayi palibe anavulala. Anaikoka mpaka ku Lilongwe. Kumeneko mnyamata wina wodziwa za makompyuta a galimoto ndi amene anawauza kuti galimotoyi inaseweredwa, manambala ake si a ku fakitale. Usiku womwewo foni inalira. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Kodi mphwanga, iwe unkadziwa?" Mpaka lero funso limenelo limandilasa kuposa ndalama zimene ndinatumiza zogulira injini ina, ndipo ndalama zawo za msonkho ndi miyezi isanu ndi itatu imene galimoto inakhala pa miyala palibe anawabwezera.

Wina anena kuti galimotoyo inali yokalamba kale, ikanafa ndithu. Mwina. Sindinganene kuti tchipi yokha ndiyo inapha. Koma taganizirani izi. Turbo imazungulira maulendo oposa 150,000 pa mphindi imodzi. Mapu anga analembedwera ku England, pafupi ndi nyanja, kozizira, misewu yosalala, munthu mmodzi m'galimoto. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndiye kuti turbo ipereke mphamvu imene mapu akulamula iyenera kuzungulira mothamanga koposa. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala, fumbi lotseka sefa ya mpweya, anthu asanu ndi matumba a nsomba, chitunda chosatha, ndi dizilo amene nthawi ya kusowa kwa mafuta amagulidwa m'zigubu osadziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Pa zonsezi ndi pamene nkhokwe ija inkafunika. Ine ndinali nditaidya kale pa M6.

Amene muli kuno ku UK palinso za malamulo, ndipo ambiri timazinyalanyaza. Remap yokha si mlandu, koma uyenera kuwauza a inshuwalansi. Ukabisa, tsiku la ngozi akazindikira angathe kukana kukulipira galimoto yako, kuthetsa inshuwalansi yako, ndipo ngati alipira munthu amene wamuvulaza angathe kukutsata iwe kuti ubweze ndalamazo. Kampani ina iliyonse ukapitako idzakufunsa ngati unathetseredwapo inshuwalansi, ndipo mtengo udzakwera. Ife ambiri tikugwira mashifiti a usiku, tikusunga mabanja awiri, kuno ndi kumudzi. Ngongole yotere ingatigwetse tonse. Ndiye pali sefa ya utsi ija ya dizilo yotchedwa DPF, imene otchuna ambiri amaiboola ndi kuifufuta mu kompyuta. Kuyambira 2014 oyeza MOT amayang'ana ngati ilipo, mu 2018 anakhwimitsanso, ndipo kuyendetsa galimoto yochotsedwa sefayi kungakulipiritse mpaka mapaundi 1,000, veni mpaka 2,500. Galimoto ikadali pa waranti, dziwaninso kuti makompyuta a ku dila amatha kuona kuti mapu anasinthidwapo, ndipo injini ikafa mudzalipira nokha.

Apa ndi pamene nkhani ikufika pa ife ngati mtundu. Galimoto yotere ikalephera MOT, kapena mwini wake akatopa ndi mapaundi 12.50 a tsiku lililonse a ULEZ, imene mu 2023 inafalikira London yense, mtengo wake umagwa. Ndani amaitola? Ndife. Timaiona yotchipa, yonyezimira, mipando yachikopa, n'kunena kuti kumudzi kulibe MOT, ikayenda. Chikomekome cha mkuyu. Paja ndinati ukatsegula boneti suona kanthu? A MRA pa Songwe kapena pa Mwanza amawerengera msonkho poona zaka za galimoto ndi kukula kwa injini pa pepala. Mapu saoneka pa pepala. Wolandira saona. Makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande, ngakhale waluso chotani, amaika sipeya ya muyezo wa ku fakitale pa injini imene ikukoka kupyola muyezo, ikatha msanga n'kumaloza dalaivala chala. Ndipo sipeyayo ikugulidwa ndi kwacha imene inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu 2022 ndi 44 pa 100 mu 2023. Tchipi inali yotchipa ku Coventry. Ku Dedza siinatchipe.

Ena amati amatchuna kuti apulumutse mafuta, poti kwathu mizere ya pa filing'i siteshoni tinaiona mu 2011 ndi 2012, n'kudzaionanso kuyambira 2022. Zoona zake ndi izi: dizilo yotchunidwa bwino, woyendetsa akakhala wodekha, ingathe kupulumutsa pang'ono, chifukwa imakoka pa giya yapamwamba osafuna kusinthasintha. Koma ndani analipira mapaundi 200 kuti aziyenda modekha? Mphamvu yowonjezera imachokera ku mafuta owonjezera, kulibe kwina. Ndiponso manambala a pa dashibodi musawakhulupirire mukaika kabokosi konamiza kaja. Kompyuta imawerengera mafuta amene ikuganiza kuti yatumiza, pamene olowadi ndi ochuluka. Mukafuna choonadi dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani makilomita, yendani, dzazaninso, muwerengere nokha ndi pensulo. Ambiri amene anachita zimenezi anasiya kudzitama.

Tikambeko za utsi. Mu Seputembala 2015 bungwe la EPA ku America linaulula kuti Volkswagen inaika mu ECU pulogalamu yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Pa mayeso inkakhala yaulemu, ikalowa mumsewu n'kumatulutsa mpweya woipa wa NOx mpaka maulendo 40 kupyola malire. Galimoto zokhudzidwa zinali pafupifupi 11 miliyoni dziko lonse, ndipo kampaniyo yataya ndalama zoposa mayuro 30 biliyoni pa mlanduwu. Tonse tinati azungu ndi akuba. Koma mnyamata wa laputopu akamatseka EGR ndi kufufuta DPF pa galimoto yanu, akuchita chiyani chosiyana? Kusiyana kwake n'koti Volkswagen inagwidwa. Mu 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Utsi umenewo kwathu amaupuma ndani? Si bwana wa m'galimoto wotseka magalasi. Ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu pa Lizulu ali ndi mwana kumbuyo, wa kabaza amene ali kumbuyo kwa ekizozi yanu pa chitunda, ndi wapolisi wa pa rodibuloko tsiku lonse.

Pano timakonda kulemba kuti maiko olemera asandutsa Africa dzala. Sitinama. Lipoti la UNEP la 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zakale 14 miliyoni, ndipo 40 pa 100 zinabwera ku Africa, zambiri zosakwanira pa miyezo ya utsi ndi chitetezo. Koma tiyeni tifunsane moona mtima: pa doko la Tilbury kapena Southampton, amene amasaina mapepala a galimoto yopita ku Malawi ndi nduna ya ku Britain? Ndi ine ndi inu. Timatukwana andale kuti amadya lero n'kusiyira ana ngongole, chonsecho ife tikuchita zomwezo ndi injini, ndipo wosiyiridwa ngongoleyo ndi mbale wathu wa bere limodzi.

Tsono ndisamveke ngati ndikudana ndi luso. Kutchuna injini ndi ntchito ya ubongo, ndipo alipo oichita bwino. Ku Pretoria kuli kampani ya Dastek imene inapanga Unichip, kabokosi kamene kagulitsidwa maiko ambiri, umboni woti luso limeneli lilipo kum'mwera kwa Africa konkuno. Ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, anthu akhala akupikisana liwiro pa bwalo lotetezedwa kwa zaka zambiri. Ku Soweto BMW 325i ija amaitcha gusheshe ndi chikhalidwe ndithu, ndipo Gayton McKenzie atakhala nduna ya zamasewera mu 2024 ananena poyera kuti akufuna kukweza masewera ozunguza galimoto aja. Wotchuna weniweni amayamba wayeza thanzi la injini, amaiika pa makina oyezera mphamvu isanatchunidwe ndi itatchunidwa, amayang'ana kutentha kwa utsi, amakuuza kuti kilatchi ndi mabuleki usinthe, amasunga mapu ako oyamba, ndipo nthawi zina amakubweza kuti galimoto yako yatopa. Munthu wamkulu amene wasankha zimenezi ndi ndalama zake, wawauza a inshuwalansi, ndipo adzakonza yekha zikaonongeka, ine ndilibe naye mlandu. Mbuzi ndi yake. Mlandu wanga uli pa kupatsira mnzako chiopsezo iye osadziwa.

Pali mfundo ina imene amakaniko a kumudzi anganditsutse nayo, ndipo ndi yomveka. Amati DPF kwathu imatseka msanga chifukwa cha mafuta ndi maulendo afupiafupi a m'tauni, yatsopano ndi yodula moti munthu wamba sangaikwanitse, ndiye kuichotsa ndiyo njira yokhayo yoti galimoto iyende. Ndikuvomereza kuti vutolo lilipo. Koma yankho lake lili kuno tisanatumize. Ngati tikudziwa kuti galimoto ya mtundu uwu siigwirizana ndi kwathu, tikuitumiziranji? Bwanji osatumiza ya petulo yosavuta, imene masipeya ake ali mbwee pa msika uliwonse, kapena kungotumiza ndalama mbale wathu asankhe yekha Toyota imene makaniko wa pa Dedza boma amaidziwa ngati chikhatho chake? Nthawi zambiri timatumiza galimoto imene ikutikweza ife pamaso pa anthu, osati imene ikathandize wolandira.

Chomaliza ndi liwiro, ndipo apa ndi pa moyo. Tchipi imawonjezera mphamvu yothamangira, koma siiwonjezera mabuleki, matayala kapena mashokabu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Limenelo ndi lamulo la chilengedwe, silimva ziphuphu. Lipoti la WHO la 2018 linayerekeza kuti ku Malawi anthu pafupifupi 31 pa 100,000 alionse ankafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, pamene kuno ku UK anali pafupifupi atatu. M1 si M6. Ilibe mpanda pakati, ili ndi njinga, mbuzi, ana a sukulu, misika yofika mpaka pa phula, ndi malole oima usiku opanda nyali. Aliyense wa ife ali ndi dzina la munthu amene anatsikira pa Linthipe kapena pa msewu wa Zalewa. Tsono galimoto yotchunidwa ikafika kumudzi siyendetsedwa ndi madala okha. Pali mphwawo wa zaka 22 amene amatumidwa kuchigayo, ndipo iyeyo ndi amene adzafune kuona kuti singano imafika pati. Kuthamanga sikufika.

Ndiye ndikupempha chiyani? Kwa ife a kunja, zinthu zinayi. Choyamba, ngati munatchuna galimoto ndipo mukufuna kuitumiza, ibwezereni mapu a ku fakitale isanakwere sitima. Wotchuna wabwino anasunga, ndipo ngati sanasunge a dila angathe kulembamo atsopano. Chachiwiri, mukamagula yoti mutumize, mufunseni wogulitsa mwachindunji ngati inatchunidwapo, ndipo lipirani makaniko aione ngati DPF ndi EGR zilipo ndipo zikugwira ntchito. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi injini. Chachitatu, muuzeni wolandira zonse, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo mapepala a sevisi apite limodzi ndi makiyi. Kubweza mapu sikubweza zaka zimene injini inavutika, ndiye munthu adziwe chimene akulipirira msonkho. Chachinayi, a ku Joni amene mumatchuna ma Hilux ndi ma Ranger kuti azikoka ngolo yodzaza kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, kumbukirani kutentha kwa chigwa cha Zambezi. Injini ikafera pakati pa Changara ndi Tete, wa laputopu uja sadzabwera kudzakukokani.

Kwa a boma, a chipani chilichonse chimene chili pampando, pempho langa ndi laling'ono. Tonse taonapo malole ndi maminibasi ofuka ngati uvuni wa njerwa ali ndi chipepala cha COF pa galasi. Kuyeza galimoto kukhale kuyeza ndithu, ndi makina oyezera utsi, osati kungodinda. Kenya inaletsa kulowetsa galimoto zakale zopyola zaka 8, ndipo maiko a ECOWAS anagwirizana mu 2020 za muyezo wa utsi wa galimoto zolowa m'maiko awo. Sindikunena kuti titengere zonse mmene zilili, poti Mmalawi wamba galimoto yatsopano sangaifikire. Koma muyezo wina uyenera kukhalapo, ndipo masukulu athu a ntchito zamanja aziphunzitsa anyamata kuwerenga ECU monga amaphunzitsira kumasula injini. Achimwene anataya makilatchi awiri ndi ulemu wawo asanapeze munthu mmodzi wodziwa kufunsa kompyuta funso loyenera.

Kwa iwe mphwanga wa pa chinkhoswe paja, ngati ukuwerenga, usakwiye. Sindinakutchule dzina ndipo mtima wako ndi wabwino. Galimoto ndi yako, sangalala nayo, uwauze a inshuwalansi. Koma tsiku loitumiza kwa madala likafika, yamba waimba foni uwauze zonse zimene unaichita, kenako uwafunse ngati akuifunabe. Ine foni imeneyo sindinaimbe, ndipo inadzandipeza yokha usiku.

Achimwene anandikhululukira, paja magazi ndi magazi. Galimoto ija ikuyendabe ndi injini ina, ya manambala a ku fakitale. Ndikapita kumudzi amandipatsa makiyi kuti ndiyendetse, ndipo pa chitunda cha Golomoti amangoti, "Pang'onopang'ono mphwanga, tifika."

Amene muli ndi maganizo osiyana, makamaka amakaniko athu a ku Joni ndi ku Leeds, bwerani tikambirane. Koma chonde tikambe za injini, musandifunse kuti ndine wa chipani chanji.

Ndatha ine wanu,
Mtchona wa ku Midlands